Font ya Old English inapha alamu anga ali moyo

Alamu anga a ku Rosettenville anandipempha ndiwapangire khadi la chinkhoswe, poti kuno ku Joni anthu amanditcha dizayina chifukwa cha ka poster ka saluni kamene ndinapanga ku Yeoville. Ndinati alamu musadandaule, izi ndi zanga.

Ndiye kusankha font. Times New Roman ndinaikana, ija anapangira nyuzi ya The Times ya ku London mu 1932, imaoneka ngati kalata yochotsa munthu ntchito. Comic Sans ya Microsoft ndi ya ana a kireshi, Arial ndi yolembera mitengo mu spaza basi. Ine ndimafuna ulemu. Ndinapeza Old English, zilembo zonenepa zaminga zija za pa satifiketi, nkulemba zonse m'makapito, pomwe odziwa amati font imeneyi m'makapito siwerengeka olo pang'ono koma ine ndinkangoona kukongola. Bakigiraundi yakuda, zilembo zagolide, pakati chithunzi cha alamu okha atavala suti poti cha akazi awo chinali chisanafike, nkhunda ziwiri pamwamba, deti pansi.

Ndinaponya pa gulu la WhatsApp la anthu akwathu usiku nkukagona. Kudzuka m'mawa foni yatentha. "Mzimu wawo uuse mumtendere." "Koma imfa inu, dzana lomweli ndinawaona ku Bree akukwera taxi!" Mawu akuti CHINKHOSWE palibe anatha kuwawerenga, anthu anangoona nkhunda ndi suti. Atcheya anali atatsegula kale listi ya zopereka zoti thupi lipite kumudzi, wina akufunsa mtengo wa galimoto yodutsa pa Beitbridge mpaka Mwanza, apongozi ku Mangochi atayamba kale kulira, ndipo mwini maliroyo foni yozima, ali pa night shift ya ulonda.

Anafika 7 koloko ndi buledi m'manja nkupeza azimayi atavala zitenje pabalaza akuimba nyimbo za maliro. Mayi wina anatuluka liwiro kusiya silipasi, wina anangoti "Yesu!" nkukhala pansi. Madamu kunyumba sanandiphikire tsiku limenelo.

Khadi lachiwiri anapanga ndi mnyamata wa pa internet cafe, mu Arial yomwe ndinkainyoza ija. Ndalama za chipepeso zinali zitakwana R3,800 ndipo alamu akukana kubweza, akuti imeneyo ndi perekaniperekani yolipiriratu, amene akufuna yake abwere adzavine.