Poto wa nkhuku ya kirimu amene anasanduka bizinesi yathu

Bizinesi yathu inayambira m'kontena ya chakudya chamasana. Amuna anga amanyamula chakudya popita kuntchito, ndipo tsiku lina ndinawaikira zotsala za dzulo lake: nkhuku yophikira limodzi ndi karoti, mbatatesi ndi nsawawa mumsuzi woyera wa kirimu. Madzulo anabwera kontena ili mbee ngati yotsuka. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Amake mwana, mawa muike makontena 3. Anzanga awiri akuti alipira." Mwezi usanathe anthuwo anafika 12, ndipo ndinaitana achemwali anga kuti tizithandizana. Lero timaphika masiku 4 pa mlungu, chakudya chake n'chomwechi basi. Ambiri amatilangiza kuti tiwonjezere zina, koma ine ndimakana. Poto mmodziyu wanditengera nthawi yaitali kuti ndimudziwe, ndipo sindifuna kupatsa munthu chinthu chimene ndikuchiphika mongoyerekeza.

Poyamba ndinkagula chidali poganiza kuti makasitomala amafuna mnofu wopanda fupa. Chidali chimapsa msanga, ndipo chikakhalitsa pamoto chimauma n'kumathetheka ngati ulusi m'kamwa. Kasitomala wina, mayi wachikulire, anandiuza mosabisa kuti, "Mwanawe, msuzi wako ndi wabwino, koma nyamayi ikufuna madzi akumwa pambali." Kuyambira pamenepo timaphika ntchafu zokhazokha. Ntchafu ili ndi mafuta ndi timitsempha timene timasungunuka pang'onopang'ono, moti ikaphikidwa mphindi 30 kapena 40 imafewa, msuzi nawo n'kulemera. Mafupa ndi zikopa zimene tachotsa sititaya. Timaziwiritsa ndi anyezi ndi nsonga za karoti, ndipo madzi akewo ndi amene timaphikira m'malo mwa madzi wamba.

Ntchito yeniyeni ili pokazinga. Nyama timaipukuta iume, timaithira mchere, kenako timaika zidutswa zochepa m'mafuta otentha, motalikirana. Ukadzaza poto, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mofiira, ndipo fungo lija limene limaitana munthu ali panja silibwera. Mwana wanga wamkulu, amene amakonda sayansi, anandiuza kuti kufiira kumeneku kuli ndi dzina, kuchokera kwa katswiri wa sayansi Louis-Camille Maillard wa ku France amene anakufotokoza mu 1912. Ine chimene ndimayang'ana ndi tofiirira timene timakakamira pansi pa poto. Achemwali ankafuna kumatsuka potoyo asanapitirize, poganiza kuti wapserera. Ndinawagwira dzanja. Timaika anyezi momwemo, chinyezi chake n'kuyamba kumasula tokakamirato, ndipo tikathira msuzi wa mafupa uja timapala ndi mthiko mpaka pansi payera. Kukoma konse kumachokera pamenepo.

Poto wa banja limodzi timamuyeza chonchi: ntchafu kilogalamu 1, batala magalamu 40, ufa wa tirigu magalamu 40, msuzi wa mafupa mamililita 750 ndi kirimu mamililita 200. Batala ndi ufa zizilemera mofanana, ndipo ufawo uyambe wakazingika m'batala mphindi 2 kapena 3, apo ayi msuzi umamveka ufa wauwisi. Karoti ndi mbatatesi zimalowa limodzi ndi nyama chifukwa zimachedwa kupsa. Nsawawa ndi zitheba zimalowa kutatsala mphindi 5, kuti zifike kwa wakudya zikadali zobiriwira.

Kirimu ndiye anandiliza. Titangotha miyezi 4, tinalandira oda ya anthu 40, yaikulu kuposa ina iliyonse imene tinali titaphikapo. Nthawi inatithera, ndipo ndinatenga kirimu wozizira kuchokera m'furiji n'kumukhuthulira mumphika ukubwadamuka. Kuti achuluke ndinamusakaniza ndi mkaka, ndipo pofuna kukometsa ndinafinyiramo ndimu nthawi yomweyo. Ndikutakasa ndinaona msuzi ukusintha m'maso mwanga. Unagawikana, mafuta achikasu kuyandama pamwamba, pansi timibulu toyera ngati mchenga. Ndinatakasa mwamphamvu, osathandiza. Achemwali anangoti, "Mng'ono wanga, zimitsa motowo," ine misozi ili mbwembwembwe. Tinatsanula nyama ndi masamba, tinapanganso msuzi wina ndi batala ndi ufa umene unatsala, ndipo chakudya chinafika mochedwa ndi ola lathunthu. Ndinapepesa pamaso pa amene anaodayo ndipo ndinawachotsera mtengo. Anabweranso patapita miyezi iwiri, ndipo mpaka pano ndimawathokoza mumtima.

Nditafufuza ndinamva chimene chinachitika. Mapuloteni a mumkaka amaundana akakumana ndi moto waukali kapena chinthu chowawasa. Kirimu wa mafuta ambiri, oposa 30 pa 100 alionse, amapirira chifukwa mafutawo amatchinga mapuloteni aja, pamene mkaka wamba uli ndi mafuta pakati pa 3 ndi 4 pa 100 basi. Ine ndinachita zolakwika zonse zitatu tsiku limodzi. Masiku ano timayamba tachepetsa moto mpaka msuzi uzingophethira m'mbali. Kirimu timamuika m'mbale, timathiramo chipande chimodzi cha msuzi wotentha, timatakasa, timawonjeza china, kenako ndiye timamubwezera mumphika. Akalowa kirimu, mphikawo suwiranso. Ndimu, ngati tikumufuna, ndi timadontho tochepa titaphula kale.

Vuto lachiwiri silinafike kwa kasitomala, koma ndi limene linandiopsa kwambiri. Pofuna kupeputsa ntchito ya m'mawa, tsiku lina tinaphika usiku n'kusiya chimphika chonse chovundikira kuti chizizire chokha. Kutacha nditavundukula, pamwamba panali timathovu ndi kafungo kowawasa, pakati pa mphika pakadali pofunda. Tinataya zonse, nkhuku makilogalamu 6. Mphika waukulu wa msuzi wolemera umasunga kutentha maola ambiri, ndipo majeremusi amaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius. Ena mwa iwo, monga Clostridium perfringens, amakhala ndi timbewu timene sitifa ndi kuphika, timangodikira kuti chakudya chifunde. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri samveka fungo ngakhale pang'ono. Tsiku limenelo tinachita mwayi kuti mphuno inatichenjeza.

Ndalama yoyamba imene tinapeza pambuyo pake ndinagulira kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya. Nyama timaibaya pamene pali ponenepa, ndipo siichoka pamoto isanafike madigiri 74. Chakudya chopita kwa makasitomala chimaphikidwa m'mawa womwewo ndipo chimanyamuka chikutentha. Chikatsala, timachigawa m'mabeseni osaya kuti nthunzi ituluke msanga, ndipo chimalowa m'furiji maola 2 asanakwane. Makasitomala amene amagula chambiri kuti akadye kunyumba timawalembera pachivundikiro kuti achimalize m'masiku 3, ndiponso kuti potenthetsa achite pamoto wochepa koma chitenthe mpaka pakati. Ena amafunsa ngati angachiumitse mufiriza. Ndimawauza zoona, kuti sichiwonongeka, koma mbatatesi imasanduka yamadzimadzi ndipo kirimu amakonda kugawikana chikasungunuka. Amene akufunadi kusunga timawapatulira chawo tisanathire kirimu, n'kuwauza kuti akathire okha tsiku lodya.

Pali nkhani imodzi imene ine ndi achemwali tinakangana mlungu wathunthu, ya kutsuka nkhuku yaiwisi pampopi. Iwo amati nyama yosatsuka ndi uve. Ine ndinawaonetsa mmene madzi amathovukira pa sinki, pa mbale zoyera ndi pa thabwa lodulira karoti, atanyamula majeremusi ngati Salmonella ndi Campylobacter amene moto ukanawapha mumphika. Sanandiyankhe tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinapeza agula thabwa lachiwiri, lofiira, n'kulemba pansi pake kuti "nyama yokha". Ndiwo tsopano amene amakalipira aliyense wogwira chitseko cha furiji asanasambe m'manja.

Phindu la bizinesiyi si lalikulu. Kirimu ndi batala ndi zimene zimadya ndalama zambiri, ndipo kangapo ndayesedwa kuti ndichepetse kirimu n'kuwonjezera ufa, poti msuzi umaoneka wolemera chimodzimodzi. Ndinayesa kamodzi pa chakudya cha pakhomo pathu, ndipo mwana wamng'ono anangodya nyama n'kusiya msuzi m'mbale. Sindinabwerezenso. Tinasankha kuchepetsa zina: timagula nkhuku zathunthu n'kudula tokha, zidali timagulitsa padera kwa anzathu ophika zakudya zina, ndipo mafupa onse amapita ku msuzi.

Mayi wachikulire uja amene anadandaula za nyama youma amaodabe Lachinayi lililonse. Mlungu watha anatumiza uthenga wopempha kuti tsiku lina ndikawaphunzitse adzukulu awo kuphika chakudyachi kunyumba kwawo. Ndawauza kuti agule ntchafu kilogalamu 1 ndi kirimu wa mafuta ambiri, ine ndibwera ndi mthiko wanga Loweruka masana.