Bizinesi yathu yothandiza mabanja a anthu aulumali ku Perth

Kuno ku Australia, munthu waulumali wokhalitsa akalandiridwa mu NDIS, ndondomeko ya boma yothandiza anthu aulumali, boma silimutumizira wantchito pakhomo. Limamupatsa pulani, chikalata chofotokoza zolinga zake ndi ndalama zomwe zapatulidwa kuti azigulira thandizo komwe wasankha yekha. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2013, ndipo anthu opitirira 600,000 ali kale mu ndondomekoyi. Ganizoli ndimaligwadira: mwiniwake asankhe womusambitsa, womuchititsa mafizo, womuperekeza kokagula zinthu. Koma kuti munthu asankhe, ayenera kudziwa kuti ndalama za Core (za thandizo la tsiku ndi tsiku) n'zosiyana ndi za Capacity Building (zomuphunzitsa maluso kuti azidziimira payekha), komanso kuti katswiri wophunzitsa mwana kulankhula ali ndi mzere wa miyezi yambiri.

Ine ndi mng'ono wanga tinkasamalira anthu m'makomo ku Mirrabooka ndi ku Balga, komwe kuli mabanja ambiri ochokera ku Africa. Tinkapeza pulani ili m'kabati, chaka chikutha ndalama zosakhudzidwa, mwana akungokhala m'nyumba. Mpamene tinalembetsa kampani kuti tikhale ma support coordinator, anthu olumikiza banja ndi opereka thandizo.

Mayi wina wa ku Chipata, yemwe mwana wake ali ndi autism, anandiyalira mapepala patebulo, ena akadali mu envelopu.

"Achemwali, ndalama zonsezi ndikazigwiritsa ntchito, sadzandiuza kuti ndibweze?"

"Ayi amayi, si ngongole. Bola zigwire ntchito yomwe yalembedwa m'pulanimu."

Tinawerenga tsamba ndi tsamba m'chinyanja, ine ndikulemba ndi pensulo m'mphepete kuti ndalama izi ndi za chiyani, izi ndi maola angati pa sabata. Kenaka mafoni. Ndinaimbira akatswiri angapo kufunsa amene ali ndi malo, ndipo awiri omwe anavomera ndinawapereka kwa mayiwo kuti asankhe okha. Anasankha wakutali pang'ono, ati chifukwa anayamba wapereka moni kwa mwanayo asanalankhule ndi iwo. Pamenepo ine sindilowererapo.

Ntchito yathu yambiri ndi yotere: kuwerenga mgwirizano banja lisanasayine, kuyang'ana ngati ndalama zifika kumapeto kwa pulani, kusonkhanitsa malipoti a akatswiri nthawi yowunikanso ikayandikira, ndi kuthamanga pamene wosamalira sanabwere m'mawa, munthu ali pabedi akudikira womudzutsa.

Phindu ndi lochepa. Mtengo wapamwamba womwe NDIA, bungwe la boma loyendetsa NDIS, inayika pa ntchito yathuyi, yomwe ili pa mlingo wachiwiri, ndi madola 100.14 pa ola, ndipo unakhala zaka zingapo osakwera pamene lendi, petulo ndi inshuwalansi zinkakwera. Pa ndalama yomweyo pamachokanso ya odzatiwunika kuti tikhalebe m'kaundula wa NDIS Quality and Safeguards Commission, bungwe loyang'anira opereka thandizo. Maola athu olembedwa m'pulani ya banja akatha, foni siileka kulira, ndipo timayankhabe.

Ambiri atilangiza kuti tilembe antchito athuathu osamalira anthu, ati ndalama zili kumeneko. N'zoona, zili kumeneko. Tinakana. Wolangiza banja akakhalanso wogulitsa, kodi anganene poyera kuti wantchito wake akuchedwa tsiku ndi tsiku, banja limusiye? Ine ndikufuna ndizitha kuuza mayi kuti, "Kampani iyi siyikukuchitirani bwino, tiyeni tipeze ina," popanda kuwerengera zomwe nditaye.

Mu Disembala 2023, lipoti lowunika NDIS lomwe anatsogolera a Bruce Bonyhady ndi a Lisa Paul linapereka maganizo oti ntchito ngati yathuyi idzalowedwe m'malo ndi anthu otchedwa navigator, olondolera munthu komwe angapeze thandizo. Kuyambira Okutobala 2024 palinso mndandanda wa zomwe ndalama za pulani zingagule ndi zomwe sizingagule, ndiye takhala tikuzungulira mabanja onse kuwafotokozera, kuti wina asagule chinthu choletsedwa n'kudzauzidwa kuti abweze. Talembanso mtsikana wolankhula Chiswahili, chifukwa mabanja a ku Congo ndi ku Burundi ayamba kutumizana kwa ife.