Mmene tinakonzera Wi-Fi ya pa shopu yathu ku Kapata

Pa shopu yathu yosindikiza mapepala ku Kapata timagulitsanso Wi-Fi kwa ana a sukulu ndi anzathu a mashopu oyandikana. Ikakwana 13 koloko, intaneti inkangozungulira pamalo amodzi, pomwe bando ilipo yambiri. Makasitomala ankandiyang'ana ngati ndawabera, ndipo zinkandiwawa.

Mng'ono wanga wophunzira za makompyuta ndiye ananditsegula maso pa za rauta, kabokosi kamene kamagawa Wi-Fi. "Achimwene, rauta ili ngati bwalo la amfumu. Pa tchanelo chimodzi, kanjira ka mafunde kamene rauta imalankhulirana ndi mafoni, amalankhula mmodzi, ena onse chete." Foni iliyonse imayamba yamvetsera kaye. Ikamva kuti inzake ikutumiza, imadikira, kenako imawonjezera kanthawi kongosankha mwamwayi kuti ziwiri zisayambire limodzi. Zikawombana, yankho loti uthenga wafika silibwera, ndiye zimabwereza, kudikira kutatalikirapo.

Tinatembenuza rauta, tinapeza adiresi ndi pasiwedi pa kapepala kapansi, n'kulowa pa 192.168.1.1, tsamba losinthirapo za rauta. Mafoni olumikizidwa analipo ambiri kuposa anthu amene analipira. Pasiwedi ya Wi-Fi tinasintha pomwepo.

Kenako tchanelo. Rauta yathu imaulutsa pa mafunde a mitundu iwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Pa 2.4 GHz, matchanelo osalowererana ndi 1, 6 ndi 11 okha. App ya pa foni ya mng'ono wanga inaonetsa kuti ife ndi marauta awiri apafupi tonse tinali pa 6, kulimbirana bwalo limodzi. Tinasamukira pa 11. Tinayatsanso 5 GHz ya okhala m'shopu momwemo, popeza ili ndi matchanelo ambiri ngakhale silimba podutsa khoma.

Koma chimene chinandidabwitsa ndi foni ya amayi osoka zovala kuseri kwathu. Pakati pawo ndi rauta panali makoma awiri a njerwa. Siginala ikafooka, foni imatsitsa liwiro kuti mawu ake amveke, ndiye chithunzi chimodzi cha sitayilo ya chitenje pa WhatsApp chinkagwira bwalo nthawi yaitali, ena onse ali pamzere. Ine ndinkayesa kuti wakutali amavutika yekha, osadziwa kuti amachedwetsa aliyense.

Kuwachotsa sindikanatha, ndi kasitomala wanga woyamba. Rauta inkakhala pansi pa kauntala, pambali pa fotokope, itazunguliridwa ndi zitsulo. Tinaikhomera pamwamba pa khoma, pafupi ndi zenera loyang'ana kwawo. Ndinapita ndekha kukaona foni yawo, timizere tafika titatu m'malo mwa kamodzi.

"Mwanawe, lero zithunzi zikulowa msanga," anatero, makina awo akulirabe.