Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: NGF ndi maselo a PC12

Gawo lapitali ndinasiyira pamene ndinachoka kuno ku Kasungu kukayamba ntchito ya mu labotale. Anandiika pa maselo a PC12, omwe Lloyd Greene ndi Arthur Tischler anayamba kuweta mu 1976 kuchokera ku chotupa cha pa adrenal (kachiwalo ka pamwamba pa impso) ya khoswe. Si maselo enieni a minyewa, koma ukawathira NGF (nerve growth factor), puloteni yokulitsa minyewa yomwe inapezetsa Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen mphotho ya Nobel mu 1986, amaleka kugawikana n'kuyamba kuphuka tinthambi patangopita masiku ochepa.

NGF amafikira pa TrkA, puloteni yomulandira yomwe ili pakhungu la selo, ndipo uthenga wake umalowa m'kati mwa selo kudzera mu mzere wa mapuloteni odzutsana. Ma TrkA awiri amalumikizana n'kuikana phosphate (kachizindikiro koyatsa puloteni) pa tyrosine, kachidutswa kena ka puloteniyo. Shc ndi Grb2 zimakakamira pamenepo, zimakoka SOS, ndipo SOS amachotsa GDP pa Ras kuti GTP ilowe, zomwe zimayatsa Ras. Ras amadzutsa Raf, Raf amadzutsa MEK, MEK nayenso amadzutsa ERK1 ndi ERK2 (onse pamodzi timangoti ERK) powaika phosphate.

Chomwe chimandigwira mtima mpaka lero n'chakuti EGF, puloteni ina yokulitsa maselo, amadutsa njira yomweyi, koma selo limangochulukana, osaphuka kanthu. Nkhani yagona pa nthawi. Kwa EGF, ERK amayaka m'mphindi 5 n'kuzima ola lisanathe, ngati moto wa mapesi. NGF ndi chikuni cha m'balani ya fodya: ERK amakhala choyaka kwa maola ambiri, amalowa mu nucleus, momwe mumakhala majini, n'kutsegula majini a tinthambi tija.

Kuti uzione wekha, paka collagen, puloteni yomatirapo maselo, m'mbale zowetera, apo ayi maselo sagwira pansi, amangoundana. Asunge pa 37°C ndi CO2 ya 5%. Achepetsere serum (madzi ochokera m'magazi omwe timadyetsa maselo) usiku wonse, chifukwa mu serum muli zokulitsa zake zomwe zimadzutsiratu ERK usanathire kanthu. M'mawa thira NGF wa 50 ng/ml m'theka la mbalezo ndi EGF m'theka linalo, ndipo pa gulu lililonse mbale zina uziphwanyire maselo pa mphindi 5, zina pa 30, zina patatha maola awiri.

Ambiri amagwa pophwanya maselowo. Chitira pa ayezi, mwachangu, ndipo sodium orthovanadate asasowe m'madzi ophwanyira, chifukwa ndiye amaletsa ma phosphatase, mapuloteni omwe amachotsa phosphate ukuzengereza. Pa western blot, njira yoonera ERK yemwe ali ndi phosphate, phimba pepala lake ndi BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) m'malo mwa mkaka, poti casein wa mumkaka ali ndi phosphate wake ndipo amatha kudetsa chithunzi. Zikayenda bwino, timizere tiwiri ta ERK1 ndi ERK2 timaoneka pa 44 ndi 42 kDa (muyeso wa kulemera kwa puloteni), todabe bii mu mbale za NGF za maola awiri, pamene za EGF zafifiratu.