Loweruka la mphepo ndi timizere ta m'galasi la mfuti

Tinanyamuka ku Turffontein, mumzinda wa Johannesburg, kusanache kupita kumalo oyesera mfuti, chisanu chikuluma m'makutu. Alamu anga anali atagula galasi latsopano la mfuti yawo ya .308 Winchester, ndipo amafuna kukaliyesa asanapite ku dera louma la Karoo kukasaka springbok, nyama yonga gwape. Iwo ali ndi chilolezo chokhala kuno ku South Africa mpaka kalekale komanso laisensi ya mfuti. Ine ndilibe, koma lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini laisensi kupatsa mnzake mfuti bola iye ali pambali pomwepo kuyang'anira. Tsono tsiku lonse sanandichoke.

Galasili ndi la mtundu umene amati BDC. Ukasuzumira umaona mtanda pakati, ndipo m'munsi mwake muli timizere tina. Mtanda ndi wa mamita 100, kenako ka 200, ka 300, mpaka 500. Chipolopolo chikangotuluka chimayamba kugwa, ndiye ukasankha kamzere ka m'munsi, kamwa la mfuti limakwera pang'ono. Mwana aliyense amene anagendapo njiwa ndi legeni akudziwa zimenezi: mbalame ikakhala patali umaloza pamwamba pake.

Pa mamita 100 zinayenda bwino. Alamu anawombera katatu, nkupotokola timagudumu ta pagalasi, kulira kulikonse kukusuntha sentimita imodzi, mpaka mabowo anaunjikana pakati pa chandamale.

Nkhani inayamba titasunthira kutali. Pa 300 chipolopolo cholemera magireni 168 (pafupifupi magalamu 11) chimakhala chitagwa masentimita opitirira 40, ndipo kamzere kake kanatiphonyetsa ndi zala ziwiri zokha m'mwamba. Koma pa 500 zipolopolo zinapita pamwamba kuposa chikhatho. Alamu anakwinya nkhope nkumati awagulitsa chinthu chakufa. Mkulu wina amene amayang'anira pamalopo anabwera, nawerenga kapepala ka m'bokosi, nkutiuza kuti timizereto anatiyika poganiza za chipolopolo cha kulemera kwina, liwiro lina, komanso mpweya wa m'mphepete mwa nyanja. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya wakuno ndi wopepuka, sugwira chipolopolo ngati wa ku Durban, ndiye chimafika chisanagwe kwambiri. Ine zimenezi zinandigwira mtima. Zaka zonsezi ndimadziwa kuti kuno munthu umapuma wefuwefu ukangokwera masitepe, osaganizako kuti mfuti nayonso imaumva mpweya womwewo.

Itafika nthawi yanga ndinalakwitsa ndekha. Chithunzi chimanjenjemera galasi likamakulitsa ka 12, ndiye ndinabweza gudumu lokulitsira kufika pa 6 osanena. Ndinaika kamzere ka 300 pa chandamale chachitsulo, nkukoka. Fumbi linabuka pamwamba penipeni pa mulu wa dothi.

"Alamu, mwakhudza chiyani?" anandifunsa alamu anga.

Galasi lawoli timizere take sitikula limodzi ndi chithunzi, choncho timanena zoona pa 12 pokha. Pa 6 mpata wake umaphimba malo owirikiza kawiri. Alipo magalasi ena amene timizere timakula pamodzi ndi chithunzi, koma mtengo wake ndi wina.

Cha m'ma 11 mphepo ya Ogasiti inadzuka, udzu wouma uja ukugonera mbali imodzi. Za mphepo timizereti sitidziwa kanthu. Zipolopolo zinayamba kuthawira kumanja, ndipo tinaleka za 500.

Tikumwa tiyi wa m'fulasiki ndinakumbuka agogo anga ku Ntcheu ndi gogodera wawo. Iwo ankakwawa mpaka kumva gwape akutafuna, chifukwa onga unali wa kuwombera kamodzi basi. Ndinawauza alamu mosabisa kuti chikhatho chimene taphonya pa chitsulo chija, pa springbok ndi msana wothyoka kapena nyama yothawa ndi bala kukafera kuthengo. Zimenezo sindimazifuna, ndipo ndikudziwa kuti nawonso sazifuna. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ku Karoo sapyola 300.

Tisanachoke analemba pa kapepala pamene kamzere kalikonse kamenyadi, ndi zipolopolo zimenezi, kuno kumtunda, nkukamata ndi tepi pa thako la mfuti. Phewa langa lakumanja likuwawabe. Loweruka likubwerali tibwereranso m'mamawa mphepo isanadzuke, kukayesa ka 400 kamene lero tinakadumpha.