Mizere yambiri ikasintha mu Yijing, muwerenge uti?

Mtima wakhala pansi tsopano, koma hexagram ina ya mu Yijing, buku lakale la ku China loombezera, yandidyera tsiku lonse. Hexagram ndi chithunzi cha mizere isanu ndi umodzi, ndipo m'bukumo hexagram iliyonse ili ndi chigamulo chake, mzere uliwonse uli ndi mawu ake. Kuponya makobidi atatu si nkhani: mbali ya mutu ndi 3, inayo ndi 2, mukaphatikiza mupeza 6, 7, 8 kapena 9, ndipo muponya kasanu ndi kamodzi, kuponya kulikonse n'kupereka mzere umodzi. 7 ndi 9 ndi mzere wathunthu wa yang, 6 ndi 8 ndi woduka pakati wa yin. Lembani nambala pambali pa mzere uliwonse, chifukwa 7 ndi 9 zikajambulidwa sizisiyana.

Chimene chandiwawa ndi mizere yosintha. 6 ndi 9 zimatembenuka, yin kukhala yang ndi yang kukhala yin, n'kubala hexagram yachiwiri. Mizere yosintha ikatuluka inayi, wina ukulonjeza mwayi, wina ukuchenjeza za tsoka, ndiye mabuku ena ophunzitsa amangoti werengani yonse. Yonse bwanji, ikutsutsana yokhayokha?

Chonsecho Zhu Xi, katswiri wamaphunziro wa ku China, anaika kale ndondomeko mu 1186. Ngati palibe wosintha, werengani chigamulo cha hexagram yonse. Ukasintha umodzi, mawu a mzere womwewo. Ikakhala iwiri, yonse iwiri, koma wam'mwamba ndiwo mwini nkhani. Itatu, siyani mizere, tengani zigamulo za hexagram zonse ziwiri. Pa inayi m'pamene ambiri amasokonezeka: pitani ku hexagram yachiwiri, muwerenge mizere iwiri imene sinasinthe, ndipo wam'munsi ndiwo ukulamula. Isanu, mzere umodzi wotsalawo, komweko ku yachiwiri. Ikasintha yonse, chigamulo cha yachiwiri, kupatula Qian (mizere yonse ya yang) ndi Kun (mizere yonse ya yin) zomwe zili ndi mawu akeake apadera.

Ndinayenera kunena poyamba: jambulani kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Mukazondotsa, Tai, nambala 11, ya mtendere, isanduka Pi, nambala 12, ya zinthu zotsekeka. Ndipo nambala zija lembani ndithu, apo ayi simudziwa mzere wosintha.

Sikuti njira ya Zhu Xi ndi yokhayo. Otsatira Jing Fang, katswiri wa Yijing wa nthawi ya ufumu wa Han ku China, amawerengera mizere ndi kalendala komanso mphamvu zisanu zachilengedwe, pomwe Wang Bi, katswiri wina, anakana mawerengero oterowo n'kutsamira pa tanthauzo la mawu. Sankhani njira musanaponye, kuti musamadzasake yankho lokukomerani.

Amene amadana ndi makobidi amatenga timitengo 50 ta chomera chotchedwa yarrow, kamodzi n'kuika pambali, 49 n'kugawa katatu pa mzere uliwonse. Kumeneko mwayi wopeza 6 ndi umodzi pa 16, pomwe ndi makobidi ndi umodzi pa 8, choncho yin yosintha siwonekawoneka.