Mwana wathu wachira kafumbata, Yehova alemekezeke

Abale ndi alongo, mnyamata wathu amene mwakhala mukumupempherera uja watuluka m'chipatala. Akuyenda yekha, akudya yekha, akucheza ndi anzake. Ndinakupemphani mapemphero poyera, choncho ndiyeneranso kuthokoza poyera.

Zinayamba ndi kabala kakang'ono kuphazi. Patapita masiku, nsagwada zinauma, khosi linauma, kenako thupi lonse linkakungika mpaka msana kupindika. Adokotala sanatibisire kanthu. Anati tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi, ndipo tikalowa pabala timatulutsa poizoni amene amakagwira mitsempha. Jakisoni amathetsa mphamvu ya poizoni amene akadali m'magazi, koma amene wakanirira kale m'mitsempha alibe mankhwala omuchotsa. Thupi limayenera kudzikonza lokha, ndipo zimatenga masabata. Iwo ntchito yawo inali kutsuka bala, kupha tizilombo, kuchepetsa kukungikako ndi kuonetsetsa kuti mwana akupuma. Kwinako kunali kudikira.

M'kudikira m'menemo ndi momwe ndinaonera dzanja la Mulungu. Anamugoneka m'chipinda chamdima, chifukwa kuwala, phokoso, ngakhale kumukhudza kumene, zinkamuyambitsa kukungika. Sitikanatha kuyimba kapena kumusanjika manja. Ine amene ndinazolowera kupemphera mokweza mawu ndinkangogwedeza milomo ngati Hana wa pa 1 Samueli 1:13, ndipo Mulungu anamva. Usiku wina mpweya unavuta kwambiri, anamwino anathamangathamanga, ndipo tinauzidwa kuti tilimbe mtima. Ndinauza Ambuye kuti mwanayu ndi wawo, koma ndikumupempha ndithu. Kunacha akupuma. Kuchokera pamenepo kukungika kunayamba kuchepa, mpaka tsiku lomwe anatsegula pakamwa n'kupempha madzi.

Ena andifunsa kuti wamuchiritsa ndi Mulungu kapena achipatala. Kwa ine funsoli silivuta. Mfumu Hezekiya atalira, Yehova anamuwonjezera zaka 15, komabe Yesaya analamula kuti amuike nkhuyu pachithupsa. Amene anapatsa adokotala nzeru ndi yemweyo amene anagwira mpweya wa mwana wanga pomwe mankhwala anali atalekezera.

Zikomo adokotala ndi anamwino amene munkayenda monyang'ama m'chipinda chija usiku wonse. Zikomo abusa ndi amayi a mumpingo amene munasala kudya chifukwa cha ife. Nanu achibale, amene munasamala ana enawo ife tili kuchipatala, komanso inu amene munatumiza thandizo osafuna kutchulidwa dzina, Mulungu akubwezereni mowirikiza.

Adokotala atiuzanso kuti kudwala kafumbata sikuteteza munthu kuti asadzadwalenso, ndiye mnyamatayu wayamba kulandira katemera. Chonde, kafufuzeni ngati inu ndi ana anu munalandira wokwanira. Lamlungu likudzali tidzaima naye kutsogolo kwa mpingo kupereka chiyamiko, ndipo amene mungathe mubwere tidzayimbe limodzi.